Mlandu wa chamba ndi ntchito ya chipatala: mmene ndinadutsira

Apolisi anandigwira ndi chamba ndikadali mnyamata wa kabaza ku Nchalo. Chinali chochepa, chokulunga m'pepala, komabe lamulo la Dangerous Drugs Act limaletsa kupezeka nacho. Ndinali nditadutsa zaka 18, choncho khoti la majisitireti linandiweruza ngati munthu wamkulu, n'kundilamula kugwira ntchito yothandiza anthu m'malo mopita kundende.

Patapita zaka ndinalembanso MSCE, ndinaphunzira ntchito ya clinical officer, n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Chipatala chimene ndinafunsirako ntchito chinafuna kalata ya apolisi yonena za mbiri yanga. Anzanga anati ndingokhala chete, nkhani yakale ngati imeneyo palibe angaikumbe. Sindinawamvere.

Ndinayambira kupolisi, kumene anandidinda zala zonse ndi inki yakuda. Kenako ndinapita kukhoti kukapempha chikalata cha chigamulo. Apa mpofunika kudekha, chifukwa mafayilo akale amafuna nthawi kuti apezeke. Pitani ndi dzina lanu monga linalembedwera pa mlandu komanso chaka chake. Chikalatachi n'chofunika kwambiri: chimasonyeza kuti mlandu unali wopezeka ndi chamba, osati wogulitsa, ndiponso kuti chilango ndinamaliza.

Chachitatu chinali kalata ya namwino wa matenda a maganizo amene ankandipatsa uphungu pamene ndinkasiya kusuta. Ndinaonjezerapo ya mphunzitsi amene ankandiyang'anira m'mawodi.

Tsiku la mafunso ndinaitchula ndekha nkhaniyo asanandifunse. Mayi wina wachikulire pagulupo anavula magalasi n'kunena kuti, "Bambo, usiku mukakhala nokha ndi kiyi wa kabati ya DDA, ife tizigona mtima uli m'malo?"

Limenelo ndiye linali funso lenileni. M'kabati imeneyo, yosungiramo mankhwala oyang'aniridwa ndi lamulo lija la Dangerous Drugs Act (DDA), mumakhala pethidine ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu amene munthu angathe kuwazolowera, ndipo botolo lililonse limalembedwa m'kaundula. Mayi akabwera pa ngolo kuchokera kutsidya kwa madzi osefukira, akutaya magazi, amafunika munthu wa mutu wabwino ndi manja osanjenjemera. Ndinawayankha kuti, "Amayi, musangokhulupirira mawu anga. Muziwerenga mankhwalawo ndi ine, ndipo mukafuna kundiyeza, ndiyezeni."

Ananditenga, koma miyezi yoyambirira kiyiyo sindinkaigwira ndekha. Sindinakhumudwe nazo, odwala ayenera kutetezedwa.

Kwa achinyamata a ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje amene mukulakalaka ntchitoyi: lamulo la 2020 linalola kulima chamba kwa okhala ndi chiphaso, cha mankhwala ndi cha mafakitale. Kusuta n'kumangitsabe. Ngati munagwidwapo kale, yambani kusonkhanitsa zikalata zanu musanamalize sukulu, ndipo ngati kusiya kukuvuta, pitani kuchipatala cha boma lanu mukafunse woona za matenda a maganizo.