Zikomo madamu, mwana wanga wamaliza yekha mawu ake

Abale anga, ndiloleni ndithokozere pano pagulu, chifukwa zimene ndinaona Loweruka lapitali sizoti ndingasunge mumtima ndekha.

Mwana wanga wachisamba ali ndi chibwibwi kuyambira ali wamng'ono. Amene mumatidziwa kuno ku Kawale mukukumbukira mtsikana woyenda chowerama uja. Ndikamamutuma pa okala ndinkachita kumulembera pakapepala: sopo, mchere, machesi. Tsiku lina pochokera ku Depoti anapitirira siteji yathu n'kukatsikira kutali, kubwerera wapansi dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mawu oti "wotsika" anamukanirira pakhosi ndipo anaopa kuti anthu a m'minibasi amuseka. Ku pulayimale anzake ankamutsanzira momunyoza. Nanenso mayi ake, ndivomere, ndinali ndi chizolowezi chomumalizira mawu. Ndinkati ndikumuthandiza.

Atayamba Fomu 1 mu 2022, madamu ophunzitsa Chichewa, amenenso amayang'anira gulu la zisudzo pasukulupo, anamuitana kuti alowe nawo. Ine ndinapsa mtima. Ndinapita kukawafunsa ngati akufuna kuti mwana wanga akhale choseketsa cha sukulu yonse. Iwo sanatsutsane nane. Anangoti, "Mayi, mubwere Lachitatu akaweruka, mudzaone nokha."

Ndinapeza ana atagona chagada pansi, aliyense ali ndi buku pamimba. Ntchito yake inali yopuma mpaka bukulo likwere, mapewa osagwedezeka. Kenaka anayamba kung'ung'udza atatseka pakamwa mpaka milomo kuyabwa. Atatero anatuluka kubwalo la mpira, madamu n'kukaima kugolo lakutali, mwana aliyense n'kumanena chiganizo chimodzi kuti iwo amve. "Osakuwa! Mawu achokere m'mimba!" Wanga sanamupatse mbali yoyankhula yekha teremu yonseyo. Anamuika m'gulu la oyankhula pamodzi, ndipo m'menemo ndinamumva ndi makutu angawa akutchula mawu onse osaphunthwa. Madamu anandifotokozera kuti anthu ambiri achibwibwi sachita chibwibwi akamaimba kapena akamayankhulira limodzi ndi anzawo, ndiye anafuna ayambe wamva kukoma kwa mawu ake.

Koma chimene chinandilasa mtima ndi lamulo la gululo: munthu akayamba mawu, amalize yekha. Palibe womuthandiza, palibe woseka, palibe woyang'ana kumbali. Ndinabwerera kunyumba ndili chete, ndipo usiku womwewo ndinauza bambo ake ndi azing'ono ake kuti lamulo limeneli lalowanso m'nyumba muno.

Mu Januwale 2023, boma litachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera, madamu sanamutaye. Ankatumiza timawu pa WhatsApp pafoni yanga, iye n'kujambula akuwerenga, n'kubweza. Bandulo yake inali ya m'thumba mwawo.

Ndiye Loweruka lija. Holo inadzaza makolo, ena ataima m'mawindo, maikolofoni palibe. Sewero linali la nthano, ndipo wofotokoza nthanoyo, woyamba kutsegula pakamwa, anali mwana wanga. Anatulukira atamanga chitenje cha agogo ake. Anati ayambe, mawu anakakamira. "Pa... pa..." Mtima wanga unali phaphapha, ndinaluma mlomo kuti ndisamumalizire. Anzake kumbuyo kwake anaima njii, osaphethira. Ndinaona akuika dzanja pamimba, n'kukoka mpweya monga ankachitira ndi buku lija.

"Padangokhala!"

Holo yonse inayankha, "Tili tonse!"

Anaifotokoza nthanoyo mpaka kumapeto. Anaphunthwanso kangapo, koma sanayang'ane pansi, ndipo agogo amene anakhala kumbuyo kwenikweni ananena kuti anamva liwu lililonse. Bambo ake, amene ali mnyamata sankaphonya masewero a malemu Du Chisiza Jr. ndi gulu lawo la Wakhumbata, ndinawaona akupukuta misozi ndi chipewa.

Chibwibwi sichinathe, ndipo madamu sanatilonjezepo kuti chidzatha. Koma mwana ameneyu tsopano amakweza dzanja m'kalasi, amanenerera yekha mtengo wa tomato pamsika, ndipo m'minibasi amati "wotsika" kondakitala n'kumva.

Madamu, ndilibe choti ndingakupatseni chofanana ndi zimene mwachita. Zaka zonsezi mwakhala mukutsalira anzanu atapita kwawo, popanda wokulipirani. Mulungu akudalitseni inu ndi banja lanu. Zikomo ahedi potipatsa holo, ndi alonda amene ankadikira mpaka ana atatuluka kuti atseke. Zikomo mayi atelala a m'dera lathu amene munasoka zovala za seweroli pamtengo wachibale, ndi achimwene a kabaza amene munkamufikitsa pakhomo kukada. Ndipo inu ana a m'gululi, ndikuthokozani mwapadera. Kudikira mnzanu osaseka pamsinkhu wanuwo si chinthu chapafupi, akuluakulu ambiri zimatikanika.

Tsopano gululi akuti layamba kukonzekera sewero lachingerezi, akufuna akayese mwayi pa mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo wanga wapempha yekha mbali yokhala ndi mawu ambiri. Lachitatu likubwerali ndidzafika ndi beseni la zitumbuwa, madamu muwauze anawo asadzathamangire kunyumba.