Theka la munda lomwe ndinalitaya

Sitinakhalepo pansi n'kunena kuti tiyeni tipange pulogalamu yokonza zolakwa m'mafayilo a mapu. Ine ndi mnzanga tinali ojambula mapu pa kompyuta basi. Chomwe chinatikankhira mu bizinesi imeneyi ndi manyazi.

Kasitomala wina anatitumizira shapefile (mtundu wa fayilo ya mapu) ya malire a minda. Titaitsegula mu QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, tinapeza kuti malire a munda umodzi akudutsana okha pakati, ngati nambala 8. Chojambula chotere chimaisokoneza kompyuta, ndipo ukaifunsa kukula kwa mundawo imakupatsa nambala yabodza. Chifukwa cha changu ndinagwiritsa ntchito njira ya buffer ya ziro, youza kompyuta ikuze malire ndi mtunda wa ziro kuti iwajambulenso, yomwe ambiri timaidalira. Cholakwa chinachokadi. Koma chinapita ndi theka la munda, ine osaona. Anazindikira ndi mwini fayilo patapita masiku, atafanizira ndi mahekitala omwe anali m'kaundula wake. Pafoni sanakalipe. Anangofunsa kuti, “Nanga mwasinthanso chiyani china chomwe simunandiuze?” Ndinasowa choyankha.

Pulogalamu yathu inabadwira pa funso limenelo. Zokonzera zinalipo kale, zabwinonso: PostGIS, yosungira deta ya mapu, ili ndi ST_IsValid yoyesera ngati chojambula chili cholondola ndi ST_MakeValid yochikonzera, QGIS ili ndi chida chake chokonzera, ndipo zonsezi zimatsamira pa GEOS, pulogalamu yochita masamu a zojambula, yomwe ifenso timagwiritsa ntchito. Ife tinangowonjezera lipoti. Munthu akaika fayilo, pulogalamu imaiyesa kaye osakhudza kanthu, kenako imamuonetsa chojambula chilichonse cholakwika, cholakwa chake, ndi m'mene chionekere chikakonzedwa. Kukula kwa malo kukasintha, nambala yakale ndi yatsopano zimaima moyandikana. Mwini wake akakana, fayilo imakhala momwe inalili.

Zolakwa zambiri n'zobwerezabwereza. Shapefile si fayilo imodzi, imafuna .shp, .shx ndi .dbf ziyende limodzi, ndipo anthu amatumiza imodzi yokha n'kumadabwa. Mayina a magawo mu .dbf, tebulo la zambiri za mapuwo, sapitirira zilembo 10, ndiye dzina lalitali limadulidwa. Mu GeoJSON, mtundu wina wa fayilo ya mapu, lamulo la RFC 7946 la mu 2016 limati longitude (nambala ya kum'mawa kapena kumadzulo) iyambe, latitude (ya kumpoto kapena kumwera) itsatire. Ukazitembenuza, sukulu imakapezeka m'dziko lina kapena pakati pa nyanja. Polygon, chojambula cha malire ngati a munda, iyeneranso kutsekeka, kadontho komaliza kafanane ndi koyamba. Ndipo timaseka nthawi zonse tikaona madontho ataunjikana pa 0,0, pomwe longitude ndi latitude zonse ndi ziro, m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Gulf of Guinea, chifukwa wina anasiya malo a manambala opanda kanthu.

Pomwe ine ndi mnzanga tinakangana kwenikweni ndi pa fayilo ya .prj, yomwe imayenda ndi shapefile. Imeneyi ndi yomwe imanena ngati manambala ali m'madigiri a WGS 84, omwe GPS imagwiritsa ntchito, kapena m'mamita a UTM, njira yogawa dziko lapansi m'mazoni, komanso zoni yake. Ikasowa, mnzanga ankafuna kuti pulogalamu izingoganizira yokha, poti makasitomala safuna mafunso. Ine ndinakana. Manambala a UTM omwewo amapezeka m'mazoni onse 60, ndiye ukalakwitsa zoni mapu amaoneka bwinobwino koma ali pamalo ena. Tinagwirizana kuti pulogalamu izipereka maganizo ake, ionetse malowo pa mapu, munthu atsimikize yekha. Ena anatichokera chifukwa cha zimenezi. Ankafuna batani limodzi.

Omwe anatsala ndi oyeza malo, mabungwe osonkhanitsa deta m'midzi ndi mafoni, ndi maofesi omwe ali ndi mafayilo akale omwe amene anawapanga anachoka kalekale. Panopa tikulimbana ndi mipata yaing'onoing'ono yomwe imatsala pakati pa minda iwiri yoyandikana. Munda uliwonse pawokha umakhala wolondola, ndipo ST_IsValid siidandaula kanthu, koma pakati pake pali kamzere ka malo opanda mwini. Kuti kamzereko kapite kwa ndani, mnzanga akuti pulogalamu ingathe kusankha. Ine ndikuti tifunse.