Mabuku onena za Francis Kéré afike kuno ku Zomba

Abale anga, amene muli ndi mabuku ofotokoza moyo ndi nyumba za Francis Kéré, katswiri wojambula mapulani a nyumba, tibwerekeniko. Bamboyu anabadwira m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, ndipo mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, mphoto yaikulu ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba.

Ine chimandikhudza kwambiri ndi sukulu ya pulayimale ya kwawo, yomwe iye anajambula mapulani ake ndipo inatha kumangidwa mu 2001. Njerwa zake n'zadothi la komweko, ndipo anthu a m'mudzimo anagwira nawo ntchito. Denga la malata analikweza pamwamba pa siling'i kuti mphepo izidutsa, ana asamapse m'kalasi. Ndiye taganizani mmene makalasi a ku Chingale amatenthera mu Okutobala! Dothi tili nalo, amisiri aliponso. Ndikufunitsitsa achinyamata athu ophunzira zomangamanga aone mapulani akewo ndi maso awo.