Mbiri ya moyo wanga, gawo 4: Sitesheni ya ku Chiromo

Bambo atatisiya tinasamukira kwa agogo ku Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire. Nthawiyo kupulayimale tinkalipira, zaulerezi zinabwera mu 1994, ndipo fizi yanga yonse inachokera pa sitesheni.

Amayi ankagulitsa milamba yowamba ya m'dambo la Elephant Marsh. Sitima ikalira chapatali, ankandisenzetsa lichero: "Thamanga mwanawe, yambira bogi yakumbuyo!" Kumbuyoko ogulitsa ankachepa. Ndinali wamfupi, moti ndinkaima ndi zala zakumapazi kukweza lichero pa zenera, wogula n'kusankha yekha, ndalama n'kundiponyera pansi. Ndinkazitola pamiyala ya njanji yotentha ngati mbaula, mafuta a nsomba akuyenderera m'khosi. Ochokera kumtunda ankatsika ndi mikoko ya nthochi za ku Thekerani, ndipo nthawi zina amayi ankangosinthana nawo osatulutsa khobidi.

Agogo aamuna anakalambira pa ntchito yokonza njanji. Madzulo ankakhala pa benchi ya pasitesheni n'kumandiuza kuti Chiromo linali doko njanji isanabwere, sitima zapamadzi zinkakocheza pomwepo. Madzi a Shire atayamba kuchepa, azungu anayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, katundu ankayenda pa njanji mpaka ku Beira. Akafika pamenepo agogo ankaloza kumwera ndi ndodo yawo, ngati Beira ali kuseri kwa bango.

Ine za ku Beira sindinazione. Nkhondo ya ku Mozambique inali itadula kale njirayo, ndipo chomwe chinkachokera kumeneko anali anthu othawa kwawo, mitolo pamutu.

Kenako mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula. Sitima ya ku Limbe inayamba kubwerera pa Makhanga, opita ku Bangula n'kumawoloka pa bwato. Ife tinkati akonza chilimwe chomwecho. Agogo anakhala akusunga jekete lawo lantchito pa msomali, akuti mwina adzafuna anthu odziwa malo ofewa. Anatisiya jeketelo lili pomwepo.

Chaka chatha ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi. Zimandipweteka kuti malo amene anaphunzitsa ana ambiri ngati ine angosanduka tchire. Pakati pa zitsulo za njanji pamera mitengo, mbuzi zikugona pomwe anthu ankadikirira sitima. Ndinamuonetsa pomwe bogi yakumbuyo inkaima.

"Adadi, sitimayo inkadutsa bwanji pamitengopa?"

Ndinagwada n'kufukula mchenga ndi manja mpaka chitsulo chinaoneka, iye n'kuchigwira. Chinali chotentha ngati kale.

M'gawo lotsatira ndidzakamba za ulendo wanga woyamba wa ku Limbe, ndili ndi nsapato zobwereka.