Loko ya ka-interferometer kanga, mphepo ndi zivomezi

Ka-interferometer kanga ka patebulo tsopano kayamba kugwira loko (kusunga mizere ya kuwala pamalo amodzi) kwa nthawi yotalikirapo, ndiye ndati ndilembe pomwe ndafika. Kwa amene simunakaone: ndi kachipangizo koyeza kusuntha kochepetsetsa pogwiritsa ntchito kuwala. Kali ndi laser yofiira ya mafunde otalika mananomita 650 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), galasi logawa kuwala pawiri, magalasi awiri kumapeto, ndi kachipangizo kowerenga kuwala. Galasi limodzi ndinalimata pa piezo (kanthu kotalika kapena kufupika pang'ono kakalandira magetsi), ndipo Arduino (kakompyuta kakang'ono) imalikankha kapena kulibweza pang'ono kuti mizere yowala ndi yakuda, yomwe imaoneka kuwala kogawidwako kukakumananso, isamayendeyende. Galasi likasuntha mananomita 325 okha, mzere wathunthu wadutsa. Mizere ikathamanga mpaka Arduino kulephera kuitsata, loko yatayika basi.

Za mapazi ndi zitseko ndinathana nazo kale poika bolodi lolemera pa chubu cha njinga chopopa pang'ono. Chatsala ndi kuyenda kwapang'onopang'ono. Kunja kukachita mphepo bolodi limapendekeka, ndipo accelerometer (choyezera kugwedezeka) yomwe ndinaikapo imanena kuti bolodi likupita cham'mbali pomwe silikupita kulikonse. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chikapendekeka, mphamvu yokoka ya dziko imakokera kanthu kolemera ka m'kati mwa choyezeracho mbali imodzi, ndiye choyezera sichingasiyanitse kupendekeka ndi kusuntha. Kuyendako kukamachepa liwiro, bodzalo limakulirakulira. Ndikalumikiza accelerometer ku piezo, galasi limakankhidwa kuti lithetse kusuntha komwe kulibe.

Chomwe chandisangalatsa n'chakuti vuto lomweli limawasautsanso a LIGO, asayansi osaka mafunde a mphamvu yokoka ochokera kuthambo pogwiritsa ntchito ma interferometer akuluakulu, omwe mikono ya makina awo (njira zomwe kuwala kumayendamo) ndi ya makilomita 4 ku Hanford ndi ku Livingston ku America. Magalasi awo ndi a makilogalamu 40, olendewera pa mapendulamu anayi otsatizana, ndipo pendulamu imazimitsa bwino kwambiri kugwedezeka kwachangu. Koma kwa kuyenda kwapang'onopang'ono pendulamu ilibe chochita, imangotsatira. Ku Hanford n'kuchipululu kwa mphepo yambiri. Mphepo ikamakankha khoma la nyumba yomwe muli galasi, pansi pamapendekeka, zoyezera zivomezi n'kunamizidwa ngati mmene accelerometer yanga imanamizidwira. Akatswiri a ku University of Washington anapanga choyezera chapadera, Beam Rotation Sensor, chomwe ndi mtanda wolendewera pakati ngati sikelo, woyeza kupendekeka kokha. Akachotsa kupendekekako pa zomwe choyezera zivomezi chanena, amatsala ndi kusuntha kwenikweni. Anamanganso mipanda yotchinga mphepo pafupi ndi nyumba za kumapeto kwa mikono. Mpanda wamba kuteteza makina osaka mafunde ochokera ku ma black hole, zinthu za kuthambo zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawa! Ine zimenezi zimandiseketsa, komabe ndi nzeru.

Nkhani ya zivomezi ndiyo yandiphunzitsa zambiri. Chivomezi chachikulu, ngakhale chichitike tsidya lina la dziko lapansi, chimatumiza mafunde oyenda pamwamba pa nthaka pa liwiro la makilomita pafupifupi 3.5 pa sekondi, ndipo mafundewa amatha kuwachotsera loko a LIGO. Popeza intaneti imathamanga kuposa mafundewo, pulogalamu yotchedwa Seismon imatenga uthenga wa USGS (bungwe la ku America lolengeza za zivomezi) n'kuwerengera nthawi yomwe afike komanso kukula kwake. Kuyambira ulendo wachitatu wofufuza, wa 2019 mpaka 2020, makina a LIGO akhala ndi kakonzedwe kapadera ka nthawi ya chivomezi. Ndinatenga pensulo kuti ndimvetse: funde lobwereza pa masekondi 20 aliwonse, pa liwiro limenelija, limakhala lotalika makilomita 70. Mkono wa makilomita 4 ndi kachidutswa chabe ka fundelo, choncho malo onse amasuntha pafupifupi limodzi. Ndiye m'malo moti tebulo lililonse lonyamula magalasi lilimbane ndi nthaka palokha mpaka zokankhira kufika pamapeto a mphamvu zake, amawalola matebulo onse kuyendera limodzi, n'kumalimbana ndi kusiyana kwa pakati pawo kokha. Kuwala sikusamala kuti magalasi ali pati, kumangoona mtunda wa pakati pawo.

Si zivomezi zonse zomwe zimapiririka motere. Cha ku Noto ku Japan pa 1 Januwale 2024 chinachitika pafupi ndi KAGRA, makina a ku Japan ofanana ndi a LIGO, ndipo chinawononga zina mwa zopachikira magalasi ngakhale makinawo ali pansi pa phiri ku Kamioka. Pamenepo palibe pulogalamu yomwe ikanathandiza.

Kwa ine, zasintha ziwiri. Accelerometer ndaisiyira kugwedezeka kwachangu kokha, ndaika sefa mu pulogalamu kuti zonse zapang'onopang'ono isamazipereke ku piezo, ndipo kumeneko ndikudalira mizere ya kuwalayo. Chachiwiri, magalasi onse ndi galasi logawa lija ndawamangira pa chitsulo chimodzi chokhuthala kuti bolodi likamayenda aziyenda pamodzi. Madzulo a mphepo loko ikukhalitsa kuposa kale, ngakhale piezo ikumafikabe pamapeto pake chipinda chikamazizira usiku ndipo chitsulo chikamafupika. Zimenezo zifuna chokankhira china chapang'onopang'ono, mwina kawaya kotenthetsa pachitsulopo. Sabata ikubwerayi ndiyesa kupanga kasikelo kanga koyeza kupendekeka: rula ya aluminiyamu yolendewera pa tizingwe tiwiri topyapyala, kagalasi pakati, ndi laser yachiwiri yowunikira pakhoma.