Lipenga la 2 koloko usiku

Mlamu wanga pochokera ku Joni anandisiyira ampulifaya yakalekale ya ku Japan, yolemera ngati thumba la simenti, ya wailesi mkati momwemo, ndi masipika awiri ofika m'chiuno. Loweruka lonse ndinakhalira mawaya. Apa pokha ndidziyamikire: wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, chifukwa mukasemphanitsa pa sipika imodzi besi imathawa, nyimbo n'kumamveka ngati zikuchokera m'chitini.  Foni ndinailumikiza pa AUX, polowera mawu ochokera ku zipangizo zina, ndi kawaya kaja ka mitu iwiri, wofiira ndi woyera.

Kuyatsa, kuli zii.

Sindinkadziwa kuti voliyumu ili pawiri, ya pafoni ndi ya pa ampulifaya. Ya pafoni mwana anali ataitsitsiratu kuti azisewera magemu mobisa. Ine ndiye kumangopotokola chigudumu cha ampulifaya mpaka chinakana kupitirira. Ndinasamukira pa kachigudumu kosankhira kochokera mawu, AUX, TAPE, PHONO, ndipo magetsi anathima pomwepo. Ndi mkwiyo ndinakapotokolanso kamodzi mumdima, n'kupita kukagona.

Zipangizo zambiri za masiku ano magetsi akabwera zimayamba zadikira rimoti. Yakaleyi ilibe ulemu wotero. Batani ukalidina limakhala lodinika mpaka ulidinenso wekha. Ndipo ndinali nditaisiya pa TUNER, ndiye kuti pa wailesi, singano ili pa siteshoni ya mapemphero.

Magetsi anabwera 2 koloko usiku.

"LAPANI!"

Malata ananjenjemera. Mbale zinagwa pa shelefu, agalu a mu Ndirande monse anayankha. Mayi akunyumba anandigwira mkono: "Bambo a mwana, tsiku lija lafika!" Ndinathamangira pabalaza, chala chaching'ono n'kuwomba mwendo wa tebulo. M'malo motsitsa chigudumu ndinazula pulagi, koma inali ya fuliji. Mlaliki uja ali m'kati kutchula machimo limodzilimodzi, ena ondikhudza ndithu.

Mmene ndimazula yoyenera, mdadada wonse unali panja, ena atafunda zitenje, ena mabulangete. Alandilodi anaima pakhomo ndi tochi. "Achimwene, tchalitchichi mwatsegula liti? Mukanatiuza, lendi yake ndi ina."

Koma maso a onse anali pa agogo a nyumba yachitatu. Anali atagwada pafumbi, manja m'mwamba, akuulula mokweza kuti tambala wathu amene anasowa pa Khirisimasi sanatengedwe ndi fisi ayi. Fisi mu Ndirande! Ndipo ife tinakhulupirira.

Kasipika kakang'ono ka pamwamba kanapsa usiku umenewo, mpaka pano sipika yakumanzere imayankhula ngati ili ndi chimfine. Mayi akunyumba anamata selotepi pa chigudumu kuti chisadutse pa 3. Agogo aja anabwera Lamlungu madzulo ndi kamsoti kowonda, osandiyang'ana kumaso, n'kufunsa ngati wailesi ija ndimaiyatsa usiku uliwonse.