Tsiku lomwe ndinasokoneza hadi ya zithunzi za ukwati

Linali Lachisanu masana, Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi likuswa mtengo. Ndinkakonza flash kuti ndiikemo Windows ya mnzanga. Mu diskpart, pulogalamu ya Windows yokonzera madisiki polemba malamulo, ndinalemba select disk 1, kenako clean. Flash ija inali disk 2. Disk 1 inali hadi (hard drive) yanga ya 1TB, momwe munali zithunzi za chinkhoswe cha ku Makawa ndi za ukwati wa ku Monkey Bay, eni ake asanaonepo ngakhale chimodzi.

Thukuta lomwe linatuluka pamenepo silinali la dzuwa.

Nditatsegula Disk Management, hadi inaoneka ngati yongogula kumene, Windows nkumandifunsa ngati ndiichite Initialize. Chala chinali chitafika kale pa OK. Chinandibweza nchakuti ndinakumbukira kuti clean safufuta mafayilo. Amangochotsa partition table, kagawo kakang'ono koyambirira kwa hadi komwe kamauza kompyuta pomwe chigawo chayambira ndi pomwe chathera. Kuli ngati munthu wazula zikhomo za malire a munda, chimanga chili chiimire. Ndikanalemba clean all, imene imalemba maziro pa hadi yonse, bwenzi ndikulira maliro enieni.

Ndinadina Cancel nkuizula. Chilichonse chatsopano cholembedwa pa hadi yotere chitha kugwera pamwamba pa zithunzi, ndiye Format ndinaitalikira.

Madzulo ndinagula bandulo nkutsitsa TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier yobweza zigawo zotayika za hadi, nkuiika pa laputopu, osati pa hadi yovulalayo. Alamu anandibwereka hadi yawo, atandiseka kaye mokwanira. Laputopu ndinaitchaja mpaka kudzaza, poti magetsi akathima ntchito ili pakati ndiye tsoka lachiwiri.

TestDisk ndi chikuda bii, mbewa sigwira, umangoyenda ndi mivi ndi Enter. Ndinasankha Create, kenako hadi, ulendo uno nditayang'anitsitsa kukula kwake katatu. Pa mtundu wa partition table ndinasankha Intel chifukwa yanga inali ya mtundu wakale wotchedwa MBR. Ikanakhala ya mtundu watsopano wa GPT ndikanasankha EFI GPT. Analyse, kenako Quick Search. Posakhalitsa mzere wobiriwira wa NTFS, womwe unali chigawo changa chotayika chija, unatulukira. Ndinadina P, mafoda onse ali ndanda, aliyense ndi dzina lake.

Apa mpomwe mtima umathamangira Write, imene imalembanso partition table pa hadi yovulalayo. Ine ndinakana. Ndinadina chilembo a kusankha zonse, C wamkulu kukopera, nkuloza hadi ya alamu. Zinatenga usiku, ine ndili pakhonde kulimbana ndi udzudzu. Quick Search ikanalephera, panali Deeper Search. PhotoRec, imene imabwera limodzi ndi TestDisk, ndinaisiya ngati njira yomaliza, chifukwa imabweza mafayilo opanda mayina awo, manambala okhaokha. Tangoganizani kusiyanitsa akwati awiri m'zithunzi zikwizikwi, onse atavala zoyera.

Kutacha ndinatsegula zithunzi zingapo m'foda iliyonse pa hadi ya alamu, zonse zabwinobwino. Pamenepo ndinabwerera ku TestDisk, Write, Y, nkuyatsanso laputopu. Hadi inabwera ndi dzina lake lakale.

Cha m'ma 9 koloko foni inalira, anali mayi a mkwatibwi wa ku Monkey Bay.

"Achimwene, zithunzi zija mwatiiwala kodi?"

"Ayi mayi, Lolemba ndibwera nazo."